Ulusi Wabuluu M'mano mwa Malume

Pali amuna ena amene makutu anangopatsidwa kuti magalasi azipeza pokolekera, ndipo Ernest, mwamuna wa Akuzike, anali mmodzi wa iwo. Sikuti anali woipa ayi. Ankachapa, ankakolopa, anyezi ankakazinga osapsereza. Vuto lake linali magazi. Munthu akangotchula bala kapena singano, Ernest ankatuwa milomo n'kuyamba kufufuza pokhala. Ndiye m'nyumba mwawo ku Bradford anakhazikitsa lamulo limodzi, loti za kuchipatala zizitsala m'basi. Mkazi wake anali namwino wa ku fiyeta, chipinda chomwe madokotala amatsegula zifuwa za anthu tsiku ndi tsiku, choncho lamulolo linkatanthauza kuti akafika pakhomo azingokamba za mvula.

Chaka chimenecho Akuzike ankalimbirana ndi anzake malo amodzi m'gulu lokatenga mitima. Munthu akamwalira atavomera kuti ziwalo zake zithandize ena, gululi limathamangira komwe ali, kukachotsa mtima, kuutsuka ndi madzi amankhwala ozizira kuti ugone tulo, n'kuthamanga nawo kwa wodwala amene wake watopa. Mtima ukatuluka m'chifuwa sudikira munthu. Ukachedwa nawo maola ochepa, kapena ukausunga mofunda, wanyamula ndiwo basi. Wosankha anthu m'gululo anali dokotala Fiona, mayi wamfupi amene palibe anaonapo mano ake. Iyeyu analamula kuti aliyense apeze mtima wa nkhosa, asokerere kapaipi kofewa kumtsempha waukulu, aulongedze monga amachitira ndi wa munthu, ndipo abwere nawo Lolemba m'mawa. Iye adzapoperamo madzi. Amene wake udzadonthe adzadikira mpaka malo ena adzapezeke, kaya ndi liti.

Akuzike malowo ankawafuna osati masewera, ndipo chifukwa chake chinali ndi dzina. Mlongo wake wamng'ono, Willie, anamwalira ku Zomba ndi nthenda ya mtima, atatupa miyendo, akugona chokhala chifukwa akati agone chagada mpweya unkamuthawa. Nthawi imeneyo Akuzike anali atangofika kumene ku England, mapepala asanalongosoke, moti kumaliro sanapite. Anawamvera pafoni, ali chiimire m'chipinda chosinthira zovala, nyimbo zikudukaduka ndi netiweki. Ernest ankadziwa kuti mlamu wake anamwalira, ndipo analira naye. Za miyendo ndi mpweya sanalole kuzimva.

Mtima wa nkhosa wamphumphu supezeka wamba. Ogulitsa amadula mitsempha yonse kuti uoneke wodyeka, ndipo oyeza nyama amaucheka ndi mpeni. Koma Abdul, mwini butchala ya pakona, anali atazolowera misala ya Akuzike, ndipo ankamupatulira yabwino. Sabata yonse mayiyu ankasoka n'kutaya, kusoka n'kutaya. Loweruka Abdul anamupatsa wabwino womaliza, wa nkhosa yamphongo, waukulu ngati chibakera cha mwamuna. Anausoka masana onse ndi ulusi wabuluu wopyapyala ngati tsitsi, Ernest ali m'chipinda cham'mwamba kuonera mpira. Unatuluka bwino moti anauyang'ana n'kudziombera yekha m'manja. Anauika m'jumbo ya madzi amchere ozizira n'kumanga, jumboyo analowetsa m'jumbo ina, iyonso m'yachitatu, kenako m'kulabokosi, ayisi kuzungulira koma osakhudza nyama, chifukwa ayisi amawotcha. Bokosilo analikankhira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Madzulo anauza mwamuna wake kuti asakhudze bokosilo, muli mtima womwe dokotala akuudikira Lolemba. Ernest atangomva liwu loti dokotala, makutu anatsekeka okha. Anavomera kawiri konse, maso ali pa TV.

Lamulungu Akuzike anathiramo ayisi watsopano n'kupita kuntchito. Chakumadzulo, potenga foni m'kabati yake ya zovala, anapeza uthenga umodzi wochokera kwa a Gertrude a ku Rotherham, akazi a malume ake a Ernest. Unkati abwere msanga kunyumba, matenda akula.

Aliyense wa kwathu amadziwa kuti matenda amene amakula pafoni amakhala atatha kale. Ndi mawu omwewo amene anamuuzira za Willie. Anaimbira Ernest, foni yosayankhidwa. Mmene anakwerera basi sanadziwe. Atatsika n'kukhotera mumsewu wawo, anaona masamba aawisi atayalidwa chopingasa pa tala, mzungu wina ataimitsa galimoto, akuyang'ana kumwamba kufuna mtengo umene wagwetsa nthambizo. Sofa yawo inali panja, azibambo atakhala mondondozana, zipewa zili m'manja. M'nyumba munkamveka azimayi akuimba nyimbo ya maliro, yomwe ija anaimva modukaduka pafoni. Anayamba kulira akadali pamsewu, akuitana dzina la mwamuna wake.

Mwamunayo ndi amene anamutsegulira chitseko. Anali wamoyo ndithu, atavala jekete lochindikala pakati pa mwezi wa Juni, kachikwama ka zovala kali m'manja. Akuzike anamugwira kumaso, anamugwira mapewa, n'kupeza kuti zonse zilipo.

"Ndiye wafa ndani?" anafunsa.

"Ifenso timadikira kuti utiuze ndiwe," anayankha Ernest.

Zimene zinachitika iye kulibe anazitolera pakamwa pa anthu anayi oyankhula nthawi imodzi, ndipo zinali motere. A McDonald, malume ake a Ernest, anatulukira ndi akazi awo dzuwa lisanafike pamutu, osanena, monga amachitira akuluakulu, poti kuimba foni usanafike kwa mphwako ndi chizungu. Mlendo ndi mame, ndipo mame a msinkhu uwu suwalandira ndi tiyi yekha. Ernest anatsegula filiji n'kupezamo theka la kabichi ndi yogati, chifukwa sabata yonse mkazi wake ankagula mitima m'malo mogula ndiwo. Ali pafupi kuchita manyazi a chaka, anaona kulabokosi. Anamasula jumbo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, akudandaula kuti masitolo a kuno amawononga mapulasitiki. Kapaipi kaja anakazula n'kutaya, poganiza kuti ndi kopachikira nyama. Anaduladula, anakazinga ndi anyezi, tomato ndi kambuzi, n'kupereka ndi mpunga. Popeza ndiwo zinali zochepa, zinapita kwa wamkulu. A Gertrude analandira msuzi, ndipo Ernest ananama kuti wadya kale.

Malume anadya, anayamikira, n'kupempha chotokosera m'mano. Chimene chinatuluka chinali ulusi wabuluu. Anakoka, unkangobwerabe. A Gertrude amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo chifukwa cha ichi amadziwerengera ngati theka la dokotala. Anautenga ulusiwo, anauunika pawindo, n'kulengeza kuti umenewu ndi wosokera anthu. Analowa kukhitchini, anaona majumbo atatu, ayisi ndi bokosi, n'kukumbukira kuti zoterezi anazionapo pa TV. Apo ndi pamene makutu a Ernest anabweza mawu onse a dzulo bwinobwino, monga amachitira makutu zinthu zikavuta: mtima, dokotala, Lolemba. Ernest anakomoka.

Malume anagamula kuti asanaitane apolisi, womwalirayo alandire kaye ulemu wake, pakuti munthu, kaya akhale mzungu wosamudziwa, sapita ngati nkhuku. Analetsa kuti Akuzike auzidwe zoona pafoni ali kuntchito, ndipo foni ya Ernest analanda. Uthenga woti kwa a Ernest kwagwa zovuta unayenda ngati moto wa kutchire. Anthu anabwera, ena kuchokera ku Liverpool atasinthana mashifiti ndi anzawo. Pakati pawo panali anamwino enieni, amene akanaseka akanauzidwa nkhani yonse pakhomo. Koma pasiwa sufika n'kufunsa kuti wafa ndani. Umakhala pansi, kulira kaye, zinazo umva pambuyo. Maliro n'kulirana.

Akuzike atalowa pabalaza anapeza mipando yonse itatulutsidwa, azimayi atakhala pansi m'zitenje ndi mipango. Pakati panali kulabokosi yake itafunditsidwa nsalu yakuda, m'kati muli poto wa zotsala. Pambali pake, pa matiresi, panagona malume chagada, manja pachifuwa. Anali atalamula kuti popeza mbali yaikulu ya malemu ili mwa iwo, azimayi azungulire iwowo. Kuchimbudzi anakana kupita poopa kunyoza womwalira ndi kutaya umboni, ngakhale nkhope inkaonetsa kuti mfundoyo ikuwavuta. Ataona Akuzike anadzutsa mutu.

"Apongozi, tapalamula. Ine ndadya munthu ndi mpunga. Koma wodwala wa Lolembayo asafe chifukwa cha ine. Mukawauze madokotala atenge wangawu."

"Wanuwo akautenge ndani, wa BP ndi mchere?" anatero a Gertrude akupukuta misozi.

Akuzike anaima pakati pa chimwemwe choti mwamuna wake ali moyo ndi chilakolako choti amuphe yekha. Anavundukula poto. Munali tizidutswa tiwiri, msuzi, ndi kaulusi kake kakuyandama pamwamba. Masana onse a Loweruka anali mmenemo.

"Ndi wa nkhosa," anatero.

Palibe anakhulupirira. Azimayi anagwedeza mitu n'kunong'onezana kuti mkazi wotere ndi wosowa, wobisa mlandu wa mwamuna wake mpaka pamaso pa maliro. Malume anati nkhosa anayamba kudya Akuzike asanabadwe, ndipo sanakumanepo ndi nkhosa yosokedwa. Anawonjeza kuti chikuwaopsa kwambiri n'chakuti ndiwozo zinali zokoma, kukoma kwachilendo, ndipo amamva kuti ufiti umayamba choncho. Ernest anapempha kuti omuyendera kundende azimutengera masokosi. Anamwino aja, amene tsopano anali atagwira mutu wa nkhani, anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu anati taonani chisoni. Kutsutsa wamkulu amene wagona kale pa matiresi palibe anayerekeza.

Amene anapulumutsa mudzi anali Abdul. Potseka butchala anaona masamba ndi sofa, ndipo kwawonso munthu salambalala khomo la mnansi pali maliro. Anavula nsapato, analowa dzanja lili pachifuwa, n'kupepesa m'Chingerezi chaulemu kwambiri. Akuzike anangomukankhira poto. Abdul anasuzumira, ananunkhiza, anatembenuza kachidutswa ndi supuni, n'kunena kuti malemuwa akuwadziwa. Ndi nkhosa yamphongo, anaipachika yekha Lachisanu, ndipo ulusiwo ndi wa mayi yemweyu amene amamuvutitsa sabata iliyonse za mitsempha. Anawonjeza kuti yapsa mopitirira, mtima sufuna kukhalitsa pamoto.

Kenako malume anadzambatuka pa matiresi ndi liwiro losayenera msinkhu wawo n'kulowera kuchimbudzi, ndipo nyumba yonse inafa nalo phwete. A ku Liverpool okha ndi amene anaoneka okhumudwa pang'ono, atayenda mtunda wonsewo kudzalira nkhosa. Bambo wina anatumidwa kukatola masamba mumsewu mwini mpanda umene anathyolako asanabwere.

Akuzike sanaseke. Anakhala pamasitepe, poto ali pamiyendo, n'kuyamba kulira, ndipo kumeneko kunali kulira kwenikweni koyamba m'nyumbamo tsiku limenelo. Phwete linazima. Anawauza za Fiona, za malo amodzi aja, za madzi opopera. Anawauzanso za Willie, zonse, miyendo, mpweya, mapilo amene ankamuunjikira kumsana, ndi mmene anamvera nyimbo ija ali yekhayekha pakati pa makabati, atavala nsapato za ku fiyeta. Ernest anali atatuwa milomo, koma sanachoke. Mayi wina ananena motsitsa kuti madzi akatayika saoleka, ndipo a Gertrude anamuponyera diso loti miyambi aisungire tsiku lina.

Abdul anakanda mutu n'kunena kuti m'chipinda chake chozizira mwatsala mtima umodzi, koma ndi wa anthu odya. Woyeza nyama anaucheka pambali, ndipo mtsempha waukulu unadulidwa pafupi. Anapita kukautenga. Akuzike anautembenuza uku ndi uku n'kunena kuti kapaipi kena ndi ulusi ali nazo, koma mtima wotere sungakhazikike m'mbale. Pafunika munthu wougwira osagwedeza mpaka kusoka kuthe. Anamwino anakweza manja. Malume, amene anabwerako kuchimbudzi ali munthu watsopano, anawatsitsa manjawo.

"Mlandu uwu ndi wophweka," anatero. "Wophika ndiye agwire."

Ernest anayang'ana malume ake, anayang'ana chitseko, kenako anayang'ana mkazi wake. Anavula jekete la kundende lija, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kukhala pansi msana kukhoma, kuti akagwa asagwe patali. Akuzike anamuika mtimawo m'manja, wozizira, woterera. Anatsinzina. Akuzike anati kutsinzina ayi, aziyang'ana pamene singano ikulowa kuti azidziwa kopendeketsera.

A Gertrude anafunsa ngati anthu akhale chete. Akuzike anali akung'amba paketi ya ulusi, ndipo anaganiza kaye pang'ono.

"Imbani ija mumaimba ndikamafika," anatero. "Yonse, osadula."

Anaimba. Azibambo anabwera kudzaima pakhomo n'kuthira besi. Abdul, amene sankamva ndi liwu limodzi lomwe, anagwira tochi ya foni pamwamba pa mtima. Akuzike anayamba ndi bala la mpeni wa woyeza nyama, kenako kapaipi pa kamtsempha kafupi kaja, singano ikulowa ndi kutuluka motalikirana mofanana, misozi ikutsika koma manja osanjenjemera. Kanali koyamba kuimva nyimboyo kuchokera poyambira mpaka pothera popanda netiweki kuidula, ali pakati pa azimayi a kwawo, ndipo anadziwa kuti kumaliro a Willie wafika, ngakhale mochedwa, ngakhale modzera m'mimba mwa malume. Ernest anatuluka thukuta mpaka malaya kumata, anapendekeka kawiri, koma mtima sanausiye. Mfundo yomaliza itamangidwa anafunsa mwaulemu ngati tsopano angakomoke, ndipo analoledwa.

Majumbo atatu anamangidwa anthu onse akuyang'ana ngati mboni za ukwati. A Gertrude anakulunga bokosilo ndi nsalu yakuda ija n'kumanga mfundo yoti munthu wanjala asaimasule msanga. Malume potsanzika ananenetsa kuti kuyambira lero akabwera m'nyumba muno azingomwa tiyi, ndipo tiyiyo aziona okha akuthiridwa.

Lolemba Fiona anamasula majumbo, anayeza kuzizira kwa madzi, n'kutembenuza mtimawo. Anaona msoko wa pambali, umene iye sanalamule, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Akuzike anayankha kuti wodwalayu anabwera ndi bala kale. Fiona anapopera madzi. Anapoperanso mwamphamvu ngati munthu wofuna chifukwa. Sipanatuluke ndi dontho lomwe. Anafunsa kuti anamugwirira ndani pa mtsempha waufupi chonchi, ndipo atamva kuti ndi mwamuna wake, munthu wa makompyuta, anati ameneyo ali ndi manja abwino. Mano ake sanaoneke, koma dzina limene anatchula pamaso pa onse linali la Akuzike.

Madzulo atafika kunyumba anapeza Ernest atakhala kale pansi pabalaza, atadzitchinga ndi mapilo kumbuyo ndi m'mbali, kapu ya madzi ili pafupi.

"Aku, khala apa," anatero. "Undiuze za kuntchito. Uyambire poyamba, usadumphe."

Akuzike anavula nsapato, anakhala pambali pake n'kuyamba. Atafika pa macheka otsegulira chifuwa, Ernest anagwera pa pilo wa kumanzere. Akuzike anadikira, akumukupiza ndi nyuzipepala. Atatsegula maso anafunsa kuti analekezera pati, ndipo mkazi wake anapitirizira pomwepo.